Ofika kumene m'dera lathu: thandizo la boma likuyambira pa ofesi iti?

Mayi wa komiti, Ulónguè

Moni nonse. Ku komiti ya mpingo yothandiza ovutika kuno ku Angónia kukufika anthu amene sitikudziwa kowatumiza. Pali banja la ku Congo, bambo, mayi ndi ana atatu, limene lalowera cha ku Calómuè, pa malire ndi Malawi. Akuti akuthawa nkhondo ndipo pasipoti alibe. Pali agogo aakazi obadwira ku Dómuè amene anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo n'kukhazikika ku Dedza. Amuna awo anamwalira, ndiye abwerera kwawo ndi zidzukulu ziwiri, koma chikalata cha Mozambique alibe ngakhale chimodzi. Palinso mabanja a ku Mutarara amene madzi anawachotsa, akufuna pokhala ndi polima kumtunda kuno. Ufa ndi zovala tikupereka, koma mpingo sungawasunge mpaka kalekale. Kodi boma ndi mabungwe ali ndi thandizo lanji kwa anthu otere, nanga tiyambire pati? Makamaka za chipatala, sukulu ndi ndalama za INAS, bungwe la boma lothandiza ovutika.

Wa za malamulo, Tete

Amayi, mwachita bwino kuwatchula paderapadera, chifukwa boma limawaona mosiyana ndipo aliyense ali ndi khomo lake. Pamaso pa lamulo, othawa kwawo ndi banja la ku Congo lokha. Agogowo ndi nzika yopanda zikalata, a ku Mutarara ndi nzika zosamutsidwa ndi madzi. Ine ndiyankha za a ku Congo, poti ndiwo ali pangozi kwambiri.

Lamulo lake ndi Lei 21/91, la pa 31 Disembala 1991, ndipo kayendetsedwe kake kali mu Decreto 33/2007. Ofesi yowayang'anira ndi INAR, Instituto Nacional de Apoio aos Refugiados, imene imagwira ntchito limodzi ndi ACNUR, nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo.

Choyamba, asabisale. Apite okha msanga ku Migração, ndiye SENAMI, kapena ku polisi, akanene momveka kuti akupempha asilo, ndipo pempholo lilembedwe. Apa m'pamene ambiri amagwera. Munthu amene wanena kuti akufuna ganyu, kapena kuti akungodutsa kupita ku South Africa, amalembedwa ngati mlendo wolowa mozemba, ndipo mathero ake ndi kubwezedwa pa malire. Wopempha asilo sayenera kubwezedwa kumene wathawa pempho lake lisanaweruzidwe, ndipo mlandu wolowa popanda pasipoti umayamba waima. Kudzipereka wekha ndi kugwidwa pa msewu n'kosiyana kwambiri: wogwidwa akatchula asilo, apolisi amaganiza kuti wangopeka kuti apulumuke.

Nkhani ikafika ku INAR, amalemba maina, kujambula zithunzi, kutenga zidindo za zala ndi kufunsa chifukwa chothawira. Onetsetsani kuti ana onse atatu alembedwa, aliyense ndi dzina lake ndi zaka zake, ndiponso kuti mayiyo wafunsidwa payekha, chifukwa zina zimene zinamuchitikira sanganene pamaso pa mwamuna wake. Akatero amalandira chikalata cha wopempha asilo. Pempholo limapita ku Comissão Consultiva para os Refugiados, ndipo wogamula ndi nduna ya za m'dziko. Auzeni zoona: yankho limatenga zaka, ndipo alipo ambiri amene akhala m'dziko muno nthawi yaitali akadali opempha. Chowateteza pa nthawi yonseyo ndi chikalatacho, choncho achikonzetsenso masiku ake asanathe. Kulembetsaku kulibe malipiro.

Thandizo la chakudya, malo omangapo, kamunda, sukulu ndi chipatala linasonkhanitsidwa ku Maratane, m'chigawo cha Nampula, makilomita pafupifupi 35 kuchokera mumzinda wa Nampula. Malowa anatsegulidwa mu 2001, ndipo mwadzaza anthu a ku Congo, Burundi, Rwanda ndi maiko ena. Chakudya cha kumeneko chimadzera ku PMA, nthambi ya United Nations yoona za chakudya, ndipo chakhala chikuchepetsedwa ndalama zikavuta. Othawa kwawo ambiri amakhala m'matauni, koma amadzidalira okha. Musawalonjeze kuti akalembetsa azilandira ufa ali ku Ulónguè.

Funso limodzi muwafunse modekha: kodi analembetsapo kale ku kampu ya othawa kwawo ya Dzaleka, ku Dowa m'Malawi? Olowera ku Calómuè ambiri amachokera kumeneko. Ngati ndi choncho anene okha poyamba, pamodzi ndi chimene chawachotsa ku Malawi. Zidindo za zala zimasungidwa mu kompyuta, ndipo bodza likaonekera, ngakhale zoona zimene ananena za ku Congo zimayamba kukayikidwa.

Muwachenjezenso za anthu awiri. Wina ndi wogulitsa BI, chitupa cha unzika cha Mozambique. Wogwidwa nayo amayankha mlandu wa chinyengo, pempho lake la asilo n'kuonongeka. Wina ndi wolonjeza kuwawolotsa pa lole. Mu Malichi 2020 anthu 64 a ku Ethiopia anapezeka atafa mu kontena pa sikelo ya magalimoto ya Mussacama, m'boma la Moatize. Msewu wake ndi womwewu.

Mkulu wa ku Zóbuè

Achimwene a ku Tete anena zoona, koma pa Maratane ndiwonjezepo kuti wina asamve molakwa. Banjalo lisakwere chapa palokha kuti likalembetse ku Nampula. Njira yachidule yochokera ku Angónia imadzera m'Malawi, kumene sangadutse popanda zikalata. Ya m'dziko muno njozungulira kutali, kudzera ku Changara, Chimoio, Inchope ndi Caia, ndipo apolisi amaimitsa magalimoto malo ambiri. Ulendowo ukonzedwe ndi akuluakulu a boma, banjalo litanyamula kalata yonena kumene likuchokera ndi kumene likupita.

Tsopano za agogo. Nkhani yawo ndi ya mabanja ambiri kuno. Nkhondo isanathe ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu a dziko lino oposa 1 miliyoni anali ku Malawi, ambiri a iwo ochokera ku Angónia, Tsangano, Moatize ndi Mutarara. Ochuluka anabwerera pakati pa 1993 ndi 1995. Otsalira akubwerera mmodzimmodzi mpaka lero, ndipo palibenso thandizo lapadera lowalandirira. Chimene agogo ali nacho ndi unzika, ndipo ntchito ndi kuusandutsa pepala.

Ayambire kwa nyakwawa kapena mfumu ya mudzi umene anabadwira, ndi kwa secretário, ndiye mtsogoleri wa dera limene akukhala tsopano. Apatsidwe declaração yonena kuti ndi mwana wa uje ndi uje, wobadwira pamenepo. Kenako apite ku Conservatória do Registo Civil, ofesi yolembetsa kubadwa kwa anthu, kuti akafufuze m'mabuku ngati analembedwapo kale. Musadumphe kufufuzaku. Munthu akalembedwa kawiri ndi maina kapena masiku osiyana, BI imakanika, ndipo kukonza kwake n'kovuta kuposa kulembetsa. Ngati m'mabuku mulibe, kaya sanalembedwe kaya bukulo linatayika pa nkhondo, amalembetsa mochedwa, ndi mboni zokhala ndi BI zimene zimawadziwadi. Mboni zabwino ndi anthu a msinkhu wawo kapena achibale, osati mnyamata wopezeka pakhomo pa ofesi. Ngati anabatizidwa, kalata yochokera m'buku la ubatizo ku misheni, monga ku Lifidzi, imathandiza kutsimikiza chaka chobadwa ndi maina a makolo. Akalandira certidão, kalata yotsimikiza kubadwa, apite nayo ku Identificação Civil, DIC, kukajambulitsa BI. Kapepala kamene amapereka podikira BI akasunge bwino, kamagwira ntchito m'maofesi ambiri.

Chimene chimasokoneza kwambiri ndi kalembedwe ka maina. Ku Malawi analemba Mbewe, kuno wolemba amaika Mbeue. Chimwemwe amasanduka Chimuemue. Zikalata ziwiri zikasiyana chilembo, ofesi imati ndi anthu awiri. Wina wodziwa kuwerenga aone pepalalo agogo asanadinde chala, makamaka dzina, maina a makolo ndi chaka. Chaka n'chofunika chifukwa ndalama za okalamba zimayambira pa zaka 60. Wolemba akangoyerekeza n'kuwachepetsera zaka, adikira pachabe. Chitupa cha ku Malawi ngati ali nacho asataye, asabisenso. Achionetse, anenenso za ukwati wawo, kuti conservador, mkulu wa ofesi yolembetsayo, awalozere njira yoyenera.

Zidzukulu zili ndi njira ina chifukwa zinabadwira kunja. Ndime 23 ya Constituição imati mwana wa bambo kapena mayi wa ku Mozambique, ngakhale abadwire kunja, ndi nzika ngati womuimira wanena kuti akufuna unzikawo, kapena iye mwini akakwanitsa zaka 18. Ndiye pafunika kusonyeza kuti mwana wa agogowo, amene anabereka anawa, ndi wa ku Mozambique, ndipo zikalata zimapita ku Conservatória dos Registos Centrais ku Maputo. Zimachedwa, n'chifukwa chake ena amalangiza kungonena kuti ana anabadwira ku Dómuè. Ine ndikukana. Makadi awo a sikelo ndi malipoti a sukulu akunena za Dedza, ndipo kusagwirizanako kumadzatulukira mwana atakula, pofuna pasipoti kapena ntchito.

Namwino, Moatize

Amayi, ku chipatala musadikire pepala lililonse. Onsewo, ngakhale a ku Congo, alandiridwa pa centro de saúde. Mtengo wozolowereka pa zipatala zazing'ono za boma ndi metical 1 pokaonana ndi dokotala ndi meticais 5 pa mankhwala. Katemera, sikelo ya amayi oyembekezera, kubereka, mankhwala a TB ndi ma ARV n'zaulere. Matenda akakula amatumizidwa ndi guia ku Hospital Rural ya Ulónguè, kenako ku Hospital Provincial ku Tete.

Mufunse mwachinsinsi, aliyense payekha, ngati pali amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku. Wa ma ARV abwere ndi buku lake la chipatala la ku Malawi, kapena botolo lenilenilo ngakhale lopanda kanthu. Mankhwala amene akuluakulu ambiri amamwa mbali zonse ziwiri za malire ndi amodzimodzi, TLD, ndiye kupitiriza n'kosavuta: amamutsegulira khadi la kuno ndi nambala yake. Vuto limabwera munthu akachita manyazi n'kudzionetsa ngati woyamba kumene. Ngati anasinthidwa kale mankhwala chifukwa oyamba analephera, apatsidwanso amene sagwira m'thupi mwake. Wa TB akadukiza, matenda amabwerera olimba ndipo amapatsira a m'nyumba. Makadi a katemera a ana abwere nawonso kuti tione pamene analekera. Mwana wooneka wowonda kapena wotupa mapazi apimidwe mkono tsiku lomwelo; chiponde cha ana opereweredwa zakudya chimaperekedwa ulere. Mwana akabadwira kuno, kaya makolo ndi a dziko liti, alembetsedwe msanga m'miyezi yoyambirira, pamene kulembetsa kulibe malipiro.

Za INAS ndinene mosabisa, chifukwa anthu amayembekezera zambiri. Thandizoli lamulo linaikira nzika, choncho a ku Congo musawalembe m'maganizo. Agogo ndiwo oyenera PSSB, ndalama za okalamba, olumala ndi odwala matenda okhalitsa amene alibe podalira. Mitengo imene inakhazikitsidwa mu 2018 inali meticais 540 pa mwezi kwa munthu wokhala yekha, kukwera mpaka 1,000 kwa banja la anthu asanu kapena kuposa. Ndi zochepa, ndipo zimabwera mophatikiza miyezi, nthawi zina mochedwa kwambiri. Dzina limalowera kwa permanente, munthu wa m'mudzi momwemo amene amagwira ntchito ndi INAS. Iye amapereka dzinalo, ogwira ntchito amabwera kudzaona pakhomo, ndipo anthu a m'deralo amavomereza. Kuyenera sikutanthauza kulandira mwezi wamawa, chifukwa malo ali ndi chiwerengero chake pa chaka ndipo odikira ndi ambiri. Polembetsa atchule zidzukulu kuti ziwerengedwe m'banjamo. Permanente kapena mtsogoleri aliyense sayenera kulandira kanthu kuti alembe dzina.

Podikira, kafikeni ku Acção Social, ku SDSMAS, ofesi ya zaumoyo ndi zosamalira anthu pa boma, mukafunse za PASD. Limeneli ndi thandizo la kanthawi la zinthu, monga chakudya, njinga ya olumala, kapena mkaka wa khanda limene mayi ake anamwalira. A ku Mutarara amene ali ndi mphamvu afunse za PASP, ntchito zokonza misewu ndi zina za m'mudzi zolipidwa pa mwezi, ngakhale kuti sizipezeka m'dera lililonse.

Mphunzitsi, Tsangano

Ndiyankhe za sukulu, amayi. Lei 18/2018 imati kuyambira kalasi 1 mpaka 9 sukulu njokakamiza ndipo kulembetsa n'kwaulere. Wolowa kalasi 1 ndi mwana amene akwanitsa zaka 6 pofika pa 30 Juni chaka chimenecho, ndipo kulembetsa kumachitika kumapeto a chaka, kuyambira Okutobala. Wofika pakati pa chaka asakhale pakhomo kudikira. Mukaonane ndi director, akakana mupite ku SDEJT, ofesi ya maphunziro pa boma.

Kusowa cédula, chikalata cha kubadwa, kusatsekere mwana. Amalandiridwa ndi declaração ya secretário, kapena chikalata cha INAR kwa a ku Congo, makolo akukonza zotsalazo. Koma zikonzedwedi, chifukwa pa mayeso a kalasi 6 ndi pa satifiketi dzina liyenera kufanana ndi la ku Registo.

Zidzukulu za agogo zibwere ndi malipoti ndi kalata yosamukira ya sukulu ya ku Dedza. Makalasi sagwirizana ndendende: ku Malawi pulayimale ndi zaka 8, kuno ndi 6, kenako sekondale. Wokhala ndi satifiketi amapempha equivalência, kalata yofananiza maphunziro ake ndi a kuno, imene imaperekedwa ndi INECE, ofesi ya boma yoona za mayeso ndi masatifiketi. Kwa ana aang'ono vuto lenileni ndi Chipwitikizi. Mwana wa Standard 5 amene amakhoza bwino masamu akhoza kukhala chete chaka chonse chifukwa sakumva mphunzitsi, anthu n'kumati ndi mbuli. Funsani sukulu imene ili ndi makalasi a zilankhulo ziwiri, kumene amayamba ndi Chinyanja n'kumalowetsa Chipwitikizi pang'onopang'ono. M'maboma athu ano zilipo. Kwa wamkulupo, kubwerera kalasi imodzi n'kwabwino kuposa kumukankhira patsogolo n'kudzasiya sukulu. Mpingo ukapeza wachinyamata wowawerengetsa madzulo, wathandiza kuposa kugula yunifolomu.

Wa za minda, Angónia

Palibe wakhudza mokwanira a ku Mutarara, ndiye ndiwatenge ine. Anthu osamutsidwa ndi madzi ali m'manja mwa INGD, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imene kale inkatchedwa INGC, ndipo kuyambira 2021 boma lili ndi ndondomeko yake ya anthu osamutsidwa m'dziko momwemo. Koma kagwiridwe kake mukadziwe. Mndandanda wa olandira umalembedwa kumene tsoka lagwera, kudzera mwa atsogoleri ndi makomiti a m'midzi, ndipo chakudya, malona, mbewu ndi mapuloti zimapita ku malo osungirako anthu ndi ku ma bairro de reassentamento, midzi yatsopano yokhazikako osamutsidwa, a komweko. Zinali choncho pa namondwe Ana mu 2022 ndi pa namondwe Freddy mu 2023. Banja lonyamuka palokha kubwera kumtunda limagwa pakati: kwawo alifufuta, kuno salidziwa.

Chokonzera chake ndi kalata yochokera kwa mtsogoleri wa kwawo, yodindidwa ku localidade kapena ku posto administrativo, yonena kuti banjalo linaonongekeredwa ndipo lasamukira kwakuti. Aipereke kwa secretário wa kuno ndi ku ofesi ya boma. Ngati wina ankalandira kale ndalama za INAS ku Mutarara, apemphe kuti dzina lisamutsidwe. Akangosowa pa malipiro kangapo amachotsedwa. Amene zikalata zinapita ndi madzi asalembetse mwatsopano, apemphe segunda via, chikalata china cholowa m'malo mwa chotayikacho, kumene analembedwa poyamba.

Za malo. Lei 19/97 imati nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa. Nzika imapeza ufulu wogwiritsa ntchito, DUAT, mwa mwambo wa m'mudzi, mwa kukhalapo moona mtima zaka 10, kapena mwa kupempha ku boma. Ku Angónia kuno minda njopanikizana, munda wopanda mwini kulibe, choncho zenizeni n'zakuti abwereka kapena kuchita lendi. Pamenepo palembedwe pepala: malire, zaka zingati, malipiro ake, mfumu ndi mboni zisayine. Popanda pepala, mlendo amathira manyowa ndi feteleza, chimanga kapena mbatata zikachita bwino mwini munda n'kuulanda chaka chachiwiri. Afunsenso abale a wobwereketsayo, makamaka a kuchikazi, chifukwa m'midzi yambiri munda ndi wa mbumba, si wa bambo amene walandira ndalamayo. Puloti la nyumba m'tauni ya Ulónguè ndi nkhani ya Conselho Municipal. Zonsezi zithe mvula ya Novembala isanagwe, ndipo akafike ku SDAE, ofesi ya pa boma yoona za ulimi, kwa alangizi, chifukwa nyengo ya kuno njozizira ndipo mbewu zimene anazolowera kuchigwa sizonse zimene zimachita bwino kumtunda.

Manambala awiri muwalembere onse. 1458 ndi Linha Verde, yaulere, yodandaulirapo za thandizo: dzina lafufutidwa, wina akufuna ndalama, kapena akufuna kugona ndi mayi kuti amulembe. 116 ndi Linha Fala Criança, ya nkhanza kwa ana. Pa milandu ndi mikangano ya malo, IPAJ imapereka woimira mwaulere kwa wosauka, ndipo kawirikawiri imafuna atestado de pobreza, kalata yotsimikiza umphawi.

Mayi wa komiti, Ulónguè

Zikomo kwambiri nonse, zamveka. Chotsala chimodzi: a ku Congo akugona m'chipinda cha mpingo. Kodi sitipalamula powasunga asanalembetse? Bamboyo akutinso mwana wawo wamkulu anasiyana naye pa njira.

Wa za malamulo, Tete

Kuwapatsa pogona si vuto, amayi, vuto ndi kuwasunga mwakachetechete. Wosunga mlendo wa kunja amayenera kudziwitsa Migração. Lero lomwe dziwitsani secretário wa bairro, ndipo mawa m'mawa awiri a komiti awaperekeze ndi kalata ya mpingo yonena tsiku limene anafika, maina awo onse ndi kuti akupempha asilo. Kalatayo ikhale iwiri, ina idindidwe n'kutsala ndi inu. Pezani womasulira Chiswahili kapena Chifalansa amene banjalo lamuvomereza, osati mwana wawo. Lembani tsiku ndi ofesi imene yawalandira, kuti mukamafunsa ku INAR mukhale ndi poyambira.

Za mwana wosowayo azinene pa kulembetsa komweko kuti alowe m'fayilo ya banja, kenako apite ku Cruz Vermelha de Moçambique, Red Cross ya kuno, imene imafufuza achibale osiyana mogwirizana ndi anzawo a ku Malawi, Zambia ndi Tanzania, popanda malipiro. Akonzeretu dzina lonse la mwanayo ndi lina lililonse limene amadziwika nalo, zaka zake, chithunzi ngati chilipo, malo ndi tsiku limene anamuona komaliza, ndi anthu amene anali naye.